Ndinagulitsa Pansi pa Mzere

Kwa zaka zambiri ndinkauza amayi anzanga a kumpingo kuti ine ndili pa mitala, kungoti mkazi mnzanga amakhala m'foni. Amuna anga, amene ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina kuno ku Gaborone, anagula masheya a kampani yopanga zakudya zolongedza: phala la mapira la m'mapaketi, nyemba za m'zitini, chiponde, supu waufa. Chigulireni masheyawo, m'mawa uliwonse ankayamba aona kaye mmene mnzangayo wadzukira, kenaka n'kukumbuka kuti m'nyumbamo mulinso ine. Tsiku lina ndinawagwira akusuzumira foniyo m'tchalitchi, ataibisa m'buku la nyimbo. Lamulungu msika wa masheya umakhala wotseka, koma iwo ankangofuna kuona ngati zinthu zili pomwe anazisiya.

Pafoniyo pankaoneka mizere iwiri. Umodzi unali wokhotakhota, wosakhazikika, ndipo unkasonyeza mtengo wa sheya tsiku ndi tsiku. Winawo unali wosalala, woyenda mwaulesi, ndipo umenewu ndi umene iwo ankangoutchula kuti mzere. Ankati mukatenga mitengo ya miyezi yambiri yapitayo, n'kuiphatikiza, n'kuigawa mofanana, mumapeza mtengo umene sheyayo yazolowera. Tsiku lililonse mumawonjezerapo mtengo watsopano n'kutaya wakale kwambiri, n'chifukwa chake mzerewo umasuntha pang'onopang'ono. Ine ndine namwino, ndiye pofotokoza ankakonda kundilowera kuntchito kwanga.

"Mayi, wodwala mukamuyeza bipi kamodzi n'kupeza kuti yatsika, mumayamba kuitana abale ake?"

"Timayang'ana kaye tchati."

"Basi, mzerewu ndi tchati. Mtengo ukagwera pansi pake si chigamulo ayi, ndi funso chabe. Kodi kampani yadwaladi, kapena anthu angochita mantha?"

Ndinkawayankha kuti funso lawolo silingafolere nyumba. Amene anakulira pa kwacha amadziwa: ndalama ukaigwira usaigoneke, thamanga nayo ukagule malata, simenti, ngakhale sopo, chifukwa imatha mphamvu iwe uli m'tulo. Ife tonse amene tinabwera kuno tinabwera ndi nthenda imeneyo. Pula, ndalama ya kuno, tinaipeza yolimba, koma mtima sunakhulupirire. Ndiye kuti munthu atenge ndalama zenizeni n'kugula chinthu chosagwirika, choti sungachiike kunsi kwa bedi, kwa ine zinali zamisala. Ananditengera ku ofesi yogulitsira masheya kuti dzina langa likhale limodzi ndi lawo, ndipo ndinasaina ndikung'ung'udza. Tikutuluka anandiuza kuti, "Awa ndi anu mukadzatsala nokha." Ndinawauza kuti asiye kulankhula zamalodza pamsewu.

Sitiroko inawagwira Loweruka lina m'mawa, akuthirira mpiru wawo wa m'matayala kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Block 3. Ndinangomva ndowa ikugwa. Ndaonapo anthu ambiri atagwa chonchi, ndipo manja anga anachita okha zonse zoyenera, koma za ulendo wa kuchipatala sindikumbuka kalikonse. Moyo anawapulumutsa. Mwendo ndi dzanja lamanja zinafooka, ndipo mawu anathawa. Ankamva zonse zimene tikunena, maso awo ankayankha, koma pakamwa panatsala liwu limodzi lokha: chabwino. Akafuna madzi, chabwino. Akamva kuwawa, chabwino. Munthu amene moyo wake wonse sanavomerepo kanthu asanatsutse kaye, tsopano ankavomera chilichonse. Zimenezi zinandiwawa kuposa dzanja lija.

Atatuluka m'chipatala, anthu anayamba kubwera kudzazonda. Kwathu munthu sapita kwa wodwala chimanjamanja. Kumudzi ukanatenga ufa, kankhuku, mtolo wa nkhuni, kapena maungu a m'munda mwako. Koma kuno ndani ali ndi munda? Munthu amatsika kombi, minibasi ya kuno, pa mashopu a ku Block 3, n'kulowa, n'kutuluka ndi jumbo. Anabwera aphunzitsi anzawo, anamwino anzanga, amayi a kumpingo atavala mayunifolomu awo, alonda atangoweruka kumene maso ali psuu, anzathu a ku Zambia ndi Chinyanja chawo cha m'tauni, ngakhale mayi wa Chitswana woyandikana nafe amene kale tinkangopatsana moni wawo wa dumela pampanda. Aliyense ndi jumbo. Kabati inadzaza, pamwamba pa firiji panadzaza, zina ndinalowetsa kunsi kwa bedi. Mayi wina wa kumpingo, telala wa ku Old Naledi, anadzipereka kumakhala nawo masana ine ndikakhala kuntchito. Ankabwera ndi nsalu zake zosoka pamanja, n'kumawafotokozera nkhani za makasitomala ake, iwo n'kumavomera zonse. Anthu amenewa sindidzawaiwala, ndipo ena mpaka lero sindinawathokoze mokwanira.

Vuto linali lilime. Inshuwalansi yathu ya chipatala inkalipira mafizo a dzanja ndi mwendo, koma kwa wophunzitsa kulankhula inalipira maulendo ochepa n'kuthera pomwepo. Wophunzitsayo, mayi wodekha kwambiri, anandiuza zimene ndinkazidziwa kale: miyezi yoyamba ndiyo yofunika, ndipo afunika kumaonana nawo pafupipafupi, osati mwa apo ndi apo. Kuwongola mtengo n'poyamba. Malipiro a amuna anga anali atatsala pang'ono kuima, anga ankathera pa lendi ndi sukulu ya mwana wathu womaliza. Chimene tinali nacho chinali mkazi mnzanga uja.

Foniyo inkatseguka ndi chala chawo chachikulu cha kudzanja lamanja, lomwe linafookalo. Ndinanyamula dzanjalo, lolemera ngati la munthu wina, n'kudinda pagalasi. Mzere wokhotakhota uja unali utagwera pansi pa mzere waulesi, osati pang'ono, ndipo waulesiwo nawonso unali utayamba kuweramira pansi. Mtengo unali wotsika kuposa umene anagulira. Mumtima ndinati kwacha ija yatilondola mpaka kuno. Ndinanena mokweza kuti mawa lomwe ndikukagulitsa zonse zisanasanduke mapepala.

"Chabwino," anatero amuna anga, nkhope itakwinyika, akumenya tebulo ndi dzanja lamanzere. "Chabwino. Chabwino."

Sindinamvepo munthu akukana mwamphamvu chotero.

Mawa lake sindinapite, chifukwa ndinali pa ntchito tsiku lonse. Wa mafizo anali atanena kuti amuna anga azinyamula zitini kuti dzanja lizolowere kugwira, ndiye pochoka ndinkawasiyira ziwiri zitatu patebulo. Madzulo amenewo ndinapeza tebulo lonse litadzaza. Anali ataloza kabati, telala uja n'kuwatulutsira zonse, mpaka za kunsi kwa bedi. Ine miyendo ikundiwawa, ndinangosonkhanitsa zonse n'kubwezera. Tsiku lotsatira, chimodzimodzi. Apa ndiye ndinapsa mtima.

"Bambo, nyumba ino si golosale. Ndikagwire ntchito kuchipatala, ndidzagwirenso ina pano?"

Anangondiyang'ana, n'kuika dzanja lamanzere pamwamba pa zitini kuti ndisazichotse. Ndinayamba kutola za mbali inayo, ndipo ndili mkati motola ndinaona kuti zimene akutetezazo zonse zinali ndi chikuto chachikasu chofanana. Zinali za kampani ija. Za makampani ena zinali kumbali kwanga. Sanangounjika ayi, anali atasankha. Ndipo mulu wachikasu unali waukulu. Analoza muluwo, analoza foni, kenaka analoza ine.

Ndinakhala pansi. Ndinakumbuka mmene ankandichititsira manyazi kumapeto kwa mwezi, tikapita kukagula zinthu, akuyenda pang'onopang'ono m'shopu n'kumasuzumira m'mabasiketi a anthu osawadziwa. Ndikawakoka malaya ankati akuyendera kampani yawo. Tsopano kushopu sakanatha kupita, koma shopu inali itabwera yokha m'nyumba, m'majumbo a odzazonda. Ine ndinkaona chifundo cha anthu. Iwo ankaona chifundocho, n'kuonanso zimene anthu akugula m'chaka chovuta.

Tinayamba kukumbutsana, ine ndikutchula, iwo akugwedeza mutu. Anzathu a ku Gaborone North, a nyumba za mipanda italiitali, ankabweretsa juwisi, zipatso ndi mabisiketi akunja. Zachikasu zambiri zinachokera kwa alonda, amisiri omanga, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo zinali timapaketi tating'ono. M'mawa mwake ndinafunsa telala uja chifukwa chimene iye anasankhira phala limenelo.

"Limatupa, amayi," anatero osasiya kusoka. "Kapaketi kamodzi ana onse akhuta. Mtengo anakweza, ee, ndipo paketi aichepetsa, akuyesa sitikuona. Pali lina lokhala ndi dzina la shopu, lotchipa, ndinayesa, ana analisiya m'mbale. Ndiye wodwala ungamutengere chimene ana ako anakana?"

Zitini zokha sizikanandikwanira. Safunsa anadya phula. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinatsatira mnzanga wina, akauntanti, kunyumba kwake ku Gaborone North, ndipo tinatsegula lipoti la pachaka la kampaniyo pa kompyuta yake. Ine ndinkaona manambala okhaokha ngati nyerere, koma iye ankandilozera pofunika. Chilala chinali chitapha mapira ndi chimanga, kampani inachita kugula kunja pa mtengo wokwera, ndiye phindu linachepa. Eni masheya ambiri ataona zimenezo anathamangira kugulitsa, n'chifukwa chake mtengo unagwa. Koma katundu ankagulidwabe monga kale. Ngongole za kampani zinali zochepa. Gawo la phindu limene amapereka kwa eni masheya analichepetsa, koma sanalisiye.

"Ndiye ichira?" ndinafunsa.

"Sisitala, ndisakunamizeni. Mmene ndikuonera ine, kampaniyi ndi yamoyo. Koma sheya ikhoza kukhala pansi pa mzere chaka, ngakhale zaka, ndipo zina sizibwereranso. Mvula ikapanda kubwera, kapena anthu akazolowera phala la shopu lija, mzerewo ndi umene udzatsike kudzaipeza pansipo. Amene angathe kudikira adikire. Inuyo ndalamazi mukuzifuna liti?"

"Panopa."

Anangondithirira tiyi wina.

Mu kombi pobwerera ndinakwiya, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira yani. Kampaniyo ikanakhala yowola, zikanakhala zosavuta: ndikanagulitsa, n'kuwauza amuna anga kuti ndinkanena ine. Koma ndinali nditayang'ana tchati monga anandiphunzitsira, ndinali nditafunsa funso lawo lija, ndipo yankho linali loti wodwalayu ali ndi malungo chabe, achira. Iwo ndiwo ankanena zoona. Kwa nthawi yoyamba ndinamumvetsa mkazi mnzangayo, ndinayambanso kumukonda pang'ono, ndipo inali nthawi yomweyo imene ndinayenera kumuchotsa pakhomo. Sheya ikanatha kudikira mvula. Lilime silikanadikira, ndipo zimenezo sindinafunike akauntanti kuti andiuze.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana mpiru wawo umene ndinkauthirira mwa apo ndi apo. Ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo, monga ndimachitira ndi odwala ndikafuna kuwauza zinthu zovuta.

"Bambo, ndamva. Ndaona zitini zanu, ndawerenga lipoti. Kampani yanu ili bwino. Vuto ndi chilala, osati kuti anthu asiya kugula. Munkanena zoona."

Nkhope yawo inawala, mbali imene inkatha kuwalayo. Pa zaka zonse za ukwati wathu mawu amenewo sindinawauzepo kawirikawiri.

"Koma ndigulitsa."

Anatembenuzira nkhope kumpanda. Ndinatulutsa pepala logulitsira masheya lomwe ndinali nditakatenga kale ku ofesi ija, limene linkafunika kusainidwa ndi tonse awiri, n'kuika cholembera pafupi ndi dzanja lawo lamanzere. Anachikankha chinagwa pansi. Ndinachitola. Anachikankhanso. Kenaka analoza ine, n'kuloza pansi, n'kulozanso ine, misozi ili m'maso. Ndinadziwa chimene ankanena, chifukwa anali atachinena kale pamsewu tsiku lija. Sankateteza manambala awo. Ankateteza mayi wamasiye amene ankamuona akubwera, wokalamba, m'dziko la eni, wopanda munda.

Apa ndinalankhula mokalipa, ndipo sindinong'oneza bondo.

"Ine masheya a umasiye sindikuwafuna. Ndikufuna munthu wokangana naye. M'nyumba muno mwangoti zii, ndikalankhula mukungoti chabwino, chabwino. Inu munayamba mwandiuzapo chabwino? Sainani, mukaphunzire kulankhula, mudzandinyoze bwinobwino."

Mayi woyandikana nafe uja ankasesa pabwalo pake, ndipo ndinaona kuti akusesa malo amodzimodzi. Kenaka amuna anga anatenga cholembera. Siginecha yawo ya kudzanja lamanzere inali ngati ya mwana wa sitandade wani, moti ku ofesi kuja anachita kutipempha kuti abwere okha adzaonekere, ndi kalata ya dokotala. Tinapita pa takisi. Mayi wa pa desiki, wa Chitswana, anatilandira ndi dumela mma, dumela rra, n'kuyang'ana pa kompyuta, n'kuyang'ana ife. Anandifunsa mwaulemu ngati ndikudziwa kuti mtengo uli pansi kwambiri. Ndinati ee mma, ndikudziwa, ndipo ndikudziwanso chifukwa chake. Tinagulitsa ambiri n'kusiya ochepa, oti amuna anga azikhala ndi choyang'ana m'mawa. Potuluka ndinathokoza m'chinenero chawo, ndinati ke a leboga.

Miyezi imene inatsatira inali yotopetsa, ndipo sindiikometsa. Wophunzitsa uja ankawakhazika kutsogolo kwa galasi, n'kumawaonetsa mmene milomo imatsekera ndi mmene lilime limagundira mano. Iye Chichewa sankachidziwa, ndiye ine ndinkamulembera mawu a m'nyumba mwathu, telala uja n'kumawabwereza nawo masana pakati pa nkhani za makasitomala. Masiku ena ankataya zithunzi zophunzirira pansi. Masiku ena ndinkalirira m'bafa madzi akutuluka kuti asamve. Mawu anayamba kubwera limodzilimodzi, ngati anthu obwera mochedwa kutchalitchi. Madzi. Mchere. Ayi. Tsiku limene ananena ayi ndinagula nkhuku.

Mvula inagwa chaka chimenecho, yambiri, mpaka misewu ya ku Old Naledi inasanduka matope ndipo telala uja ankafika nsapato zili m'manja. Za masheya ndinali nditaziiwala dala. Foni tinaisintha kuti izitseguka ndi chala chamanzere, ndipo m'mawa ndinkawaona akuiyang'ana monga kale, koma sindinkafunsa.

Tsiku lina m'mawa ndikusita yunifolomu, iwo ali patebulo ndi phala lawo lachikasu, ndinamva akukonza kukhosi. Akafuna kunena chinthu chachitali amayamba atseka maso n'kumasanja mawu mumtima. Ndinapitiriza kusita kuti ndisawasokoneze.

"Mayi."

"Ee, bambo."

Anatembenuza foni kuti ndione. Mzere wokhotakhota unali utakwera, utadutsa waulesi uja, uli pamwamba pake ndithu.

"Mu-na-gu-litsa," anatero, liwu lililonse akulikoka ngati ndowa ya pachitsime, "pansi pa mzere."

Chichokereni m'chipatala anali asananenepo mawu ambiri chonchi pakamodzi. Ndipo sanali opempha madzi, kapena othokoza. Anali ondidzudzula. Ndinaimika simbi bwinobwino kuti isawotche nsalu.

"Mwati chiyani? Sindinamve."

Anandiyang'ana ndi diso lija la mphunzitsi amene wagwira mwana akunama, koma anabwereza. Ulendo uno zinatuluka mosalala pang'ono. Ndinati sindinamvebe. Anabwerezanso, n'kuwonjezera kuti ndine wamakani.

Kukalasi sanabwerere. Amayenda ndi ndodo, ndipo akatopa mawu amawathawabe. Amaphunzitsa ana ochepa masamu pakhonde, ndipo anawo anazolowera kudikira mpaka aphunzitsi amalize chiganizo. Za ukalamba wathu sindikudziwa, masheya amene anatsala sangafolere ngakhale khitchini, ndipo nthawi zina ndikaganiza zimenezi mantha amandigwira. Kampani ija ikadali pamwamba pa mzere pamene ndikulemba pano, koma ndinaphunzira kuti zimenezo nazonso si chigamulo.

Mlendo aliyense wobwera pakhomo pathu sachoka asanamve nkhaniyi. Amuna anga amayamba ndi chilala, n'kufika pa zitini, n'kumalizira pa ine. Amaloza ndi ndodo yawo n'kunena kuti mayi awa, namwino wophunzira bwinobwino, anaona okha kuti kampani ili bwino, koma anagulitsabe pansi pa mzere. Alendo ena amachita manyazi n'kuyang'ana pansi, ena amafuna kunditeteza. Ine ndimawaletsa. Ndimathira tiyi, n'kukhala pansi, n'kumvetsera mpaka amalize, chifukwa mawu amenewo ndinachita kugula, ndipo ndimathokoza Mulungu pa liwu lililonse.